Utsi Umene Tinauzolowera: Phunziro la Mpweya Umene Timapuma

Mukalowa m'khitchini iliyonse imene amaphikamo ndi nkhuni, yang'anani kudenga. Udzu kapena malata ake amakhala atada bii, ndipo m'mitengo ya denga mumalendewera mwaye. Palibe munthu anapakapo. Mwayewo unakwera ndi utsi tsiku ndi tsiku n'kukakamira pamenepo. Tsono ngati denga, limene silipuma, lada chonchi, nanga mapapo a mayi amene amakhala pamotopo m'mawa, masana ndi madzulo, mwana ali kumsana, ali bwanji?

Tikamva za kuwonongeka kwa mpweya, ambirife timaganiza za mafakitale akuluakulu ndi mizinda ya kutali yodzaza ndi magalimoto. Zoona, kumeneko vutoli liliko. Koma kuno ku Malawi, mpweya woipa kwambiri umene munthu wamba amapuma umachokera pafupi ndithu: pa mafuwa, pa mbaula, pa dzala ndi kumunda. Phunziro lino likufuna kutithandiza kuzindikira utsi umene tinauzolowera, kumvetsa zimene umachita m'thupi, ndi kuona njira zouchepetsera zimene tingakwanitse.

Munthu wamkulu amapuma maulendo pafupifupi 20,000 pa tsiku, ndipo mpweya umene umalowa ndi kutuluka m'mapapo ake umaposa malita 10,000. Madzi akuda timatha kuwakana. Ndiwo zosasa timazitaya. Mpweya wokha ndi umene sitisankha. Umene tauona pamalopo ndi womwewo timapuma.

Kodi mu utsi muli chiyani?

Nkhuni zikanamapsa kwathunthu, bwenzi zikutulutsa nthunzi ya madzi ndi mpweya wa carbon dioxide basi. Koma pa mafuwa atatu sizipsa choncho. Moto umazizira chifukwa cha mphepo ndi mphika, mpweya wa okosijeni sufika paliponse, ndipo mbali ina ya nkhuniyo imauluka isanapse. Chimene timachitcha utsi ndi nkhuni yosapsa bwino imeneyi.

Mu utsi muli zinthu zambiri, koma tione ziwiri zoopsa kwambiri.

Choyamba ndi tinthu ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5. Dzinali likutanthauza tinthu timene kukula kwake sikupitirira mamaikulomita 2.5. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikulomita 70, choncho kanthu kakakulu mwa timeneti ndi kochepa kwa tsitsi pafupifupi maulendo 30. Fumbi lalikulu limatsalira m'mphuno ndi pammero, ndipo timalitulutsa poyetsemula kapena kutsokomola. PM2.5 imadutsa zotchinga zonsezi n'kukafika pansi penipeni pa mapapo, m'timatumba timene mpweya umakumanira ndi magazi. Tinthu tochepetsetsa timalowa m'magazi momwemo.

Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse la WHO linakhazikitsa miyezo yatsopano m'chaka cha 2021. Linati pa chaka chonse, PM2.5 isapitirire mamaikulogalamu 5 mu mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, ndipo pa maola 24 isapitirire 15. Bungwe lomweli limati m'nyumba yosalowa bwino mphepo imene akuphikamo ndi nkhuni, tinthu timeneti tikhoza kuchuluka maulendo 100 kuposa mlingo woyenera.

Chachiwiri ndi mpweya wa carbon monoxide. Uwu suoneka, ulibe fungo, ndipo sutsokomoletsa. Umatuluka kwambiri pa makala amene akuyaka pamalo osalowa mphepo. Ukalowa m'magazi umakakamira pamalo pamene pamayenera kukhala okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu maulendo oposa 200 kuposa okosijeniyo. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako tulo. Ngati wagona kale, sadzuka. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa nkhani ya mbaula mawuwa ndi oona kwenikweni. M'miyezi yozizira ya June ndi July anthu amalowetsa mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo kuti afunde. Makala aja sakufuka, choncho amaoneka ngati abwinobwino, chonsecho ndi pamene akutulutsa poizoni.

Zimene utsi umachita m'thupi

Utsi supha tsiku limodzi, kupatula carbon monoxide tatchula uja. Umadya munthu pang'onopang'ono. Umatupitsa njira za mpweya ndi kufooketsa timaubweya tam'mapapo timene ntchito yake ndi kusesa majeremusi. N'chifukwa chake mwana wokulira mu utsi sachedwa kudwala chibayo. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, mapapo ake akukulabe, ndiponso amakhala pomwe pali mayi ake. WHO imati utsi wa m'nyumba umachulukitsa pafupifupi kawiri chiopsezo cha matenda a m'mapapo mwa ana, ndipo pa ana 100 osakwana zaka zisanu amene amafa ndi chibayo, pafupifupi 44 amafa chifukwa cha utsi umenewu.

Kwa akuluakulu, zaka zambiri za utsi zimabweretsa chifuwa chosatha ndi befu. Agogo ena aakazi amene sanasutepo fodya moyo wawo wonse amakhala ndi mapapo ofanana ndi a munthu wosuta. Tinthu tolowa m'magazi tija timawononganso mitsempha, ndipo zotsatira zake ndi matenda a mtima ndi sitiroko. Utsi umayambitsanso khansa ya m'mapapo, umadzutsa mphumu, umathandizira ng'ala m'maso, ndipo amayi oyembekezera amene amaupuma kwambiri amatha kubereka ana osalemera mokwanira.

Ziwerengero za WHO zikusonyeza kukula kwa nkhaniyi. M'chaka cha 2020, utsi wa m'nyumba unachititsa imfa za anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka zisanu. Mukaphatikiza ndi mpweya woipa wa panja, anthu amene amafa nthawi yawo isanakwane amafika pafupifupi 6.7 miliyoni pa chaka. Vuto ndi loti pa maliro sitinena kuti malemuwa wawatenga ndi utsi. Timati chibayo, timati mtima, timati ukalamba, ndipo utsi umapulumuka osatchulidwa.

Kumene utsi wathu umachokera

Gwero lalikulu ndi kuphika. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Kumudzi ndi nkhuni, zitsononkho ndi mapesi. M'tauni ndi makala. Ngakhale mabanja amene ali ndi magetsi amasunga thumba la makala chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi ndi mtengo wake. Pa izi onjezerani koloboyi, amene amatulutsa mwaye wambiri pafupi ndi mphuno ya mwana amene akuwerenga.

Gwero lachiwiri ndi kutentha zinyalala. M'malo ambiri okhala anthu simufika galimoto yotola zinyalala, ndiye banja lililonse limasesa n'kuyatsa madzulo. Kale m'dzala munkakhala masamba ndi makoko a zakudya. Masiku ano muli majumbo, mabotolo apulasitiki, matewera otaya ndi nsapato zakutha. Pulasitiki ikamapsa pa moto wozizira chonchi imatulutsa poizoni wa mitundumitundu, ndipo wina mwa iye amayambitsa khansa. Chizolowezi choyatsira mbaula ndi jumbo chimabweretsa poizoni yemweyu pankhope pa wophika. Nako kumalo otayako zinyalala za mizinda, monga ku Mzedi ku Blantyre ndi ku Area 38 ku Lilongwe, moto ukabuka umafuka kwa nthawi yaitali ndipo amavutika ndi anthu oyandikana nawo.

Gwero lachitatu ndi moto wa kutchire ndi kumunda. Kuyambira August mpaka October, mapiri athu amaoneka mwa chimbuuzi. Ena amatentha tchire posaka mbewa, ena pososa, ena pofuna msipu watsopano wa ziweto. Ino ndi nthawi yomweyo imene mauvuni a njerwa amayaka usiku ndi usana, atadya zikuni za mitengo ikuluikulu. Nawo mauvuni ootchera makala amafuka m'nkhalango masiku angapo, choncho thumba la makala limawononga mpweya kawiri: kumene anaotcha ndi kumene akuphikira.

Gwero lachinayi ndi misewu. Magalimoto ambiri amafika m'dziko muno atagwira kale ntchito zaka zambiri kunja. Injini ya dizilo yosasamalidwa imalavula utsi wakuda, ndipo amene amaumeza ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, akabaza ndi ana opita kusukulu. M'madepoti maminibasi amalira ataima podikira anthu. Magetsi akazima, majenereta amayamba pakhomo la sitolo iliyonse. Misewu yadothi nayo imadzutsa fumbi chilimwe chonse.

Gwero lachisanu ndi fodya. Mu utsi wa ndudu muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Wosuta m'nyumba amasutitsa banja lonse, ngakhale khanda.

Nyengo nayo imathandizira. Usiku wa miyezi yozizira nthaka imazizira msanga, ndipo mpweya wapansi umazizira n'kulemera. Pamwamba pake pamatsala mpweya wotentherako umene umakhala ngati chivundikiro pa mphika. Utsi wa moto wa m'mawa umalephera kukwera, ndiye umayandama pamwamba pa madenga mpaka dzuwa litatentha. Mukaima pamtunda m'mawa wa July n'kuyang'ana ku Ndirande kapena ku Mtandire, mudzaona chimtambo chotuwa chitayala pa nyumba. Si nkhungu yokha ayi. Nthawi ya dzinja zinthu zimakhalako bwino chifukwa mvula imatsuka mlengalenga ndipo tchire silipsa.

Zimene kafukufuku wa ku Chikwawa ndi ku Chilumba anatiphunzitsa

Munthu akhoza kuganiza kuti yankho ndi lapafupi: gawani mbaula zamakono, basi ana asiya kudwala. Maganizo amenewa anayesedwa kuno kwathu, ndipo zotsatira zake n'zofunika kuti wophunzira aliyense azidziwe.

Akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno anachita kafukufuku m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Anatsata ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Midzi anaigawa pawiri mwa maere. Mabanja a m'gulu lina analandira mbaula ziwiri zokhala ndi kafani kokupiza moto, pamodzi ndi sola yotchajira. Mabanja a m'gulu linalo anapitiriza kuphika pa mafuwa. Anawo anawatsata mpaka zaka ziwiri, n'kumawerenga amene akudwala chibayo.

Zotsatira zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, ndipo zinadabwitsa ambiri. Chibayo sichinachepe. Ana a m'midzi ya mbaula zamakono ankadwala mofanana ndi anzawo a pa mafuwa. Chimene chinachepa ndi mabala a moto.

N'chifukwa chiyani zinatero? Ofufuzawo anatchula zifukwa zingapo. Mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri, ndipo mabanja sanasiyiretu mafuwa. Utsi umene mbaula zinkachepetsa mwina sunafike pa mlingo woteteza mapapo a mwana. Komanso mwanayo ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala ndi wa fodya.

Apa pali maphunziro awiri. Loyamba: chipangizo chimathandiza pokhapokha ngati chikugwiritsidwa ntchito tsiku lililonse ndiponso pali wochikonza chikawonongeka. Lachiwiri: mpweya ulibe mpanda. Mungakonze khitchini yanu, koma ngati aneba akutentha matayala, mwana wanu apumabe. Mutu umodzi susenza denga. Choncho njira zimene zikutsatirazi tisamasankhepo imodzi. Mphamvu yake ili pozichita pamodzi, ndiponso pozichita mudzi wonse.

Zimene tingachite pakhomo

Umitsani nkhuni. Nkhuni yaiwisi ikhoza kukhala ndi madzi okwana theka la kulemera kwake. Moto umataya mphamvu pouma madziwo, ndiye umazizira n'kumafuka. Wazani nkhuni zikhale zing'onozing'ono, ndipo muzisunge pamalo okwera osavumbwa mvula.

Patsani utsi njira. Kukakhala kopanda mvula, phikirani panja kapena pakhonde. Pomanga khitchini, siyani mawindo mbali ziwiri zoyang'anizana ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, chifukwa utsi umakwera. Khitchini ikhale yosiyana ndi chipinda chogona.

Fupikitsani nthawi ya pamoto. Vundikirani mphika. Viikani nyemba m'madzi usiku wonse musanaphike. Konzani zonse, kudula ndiwo ndi kusefa ufa, musanayatse moto. Nyemba kapena mpunga zikawira bwino, mukhoza kukulunga mphikawo ndi nsalu zokhuthala n'kuuika m'dengu lovundikira. Zimapitiriza kupsa popanda moto.

Chotsani mwana pa utsi. Ngati pali wina womulera, mwana asakhale kumsana nthawi yoyatsa moto, pamene utsi umachuluka. Iyi ndi ntchito imene abambo, achimwene ndi achemwali angathandize popanda kulipira kanthu.

Yatsirani mbaula panja ndi tinkhuni touma, osati jumbo. Musagone nayo m'chipinda ngakhale kuzizire bwanji. Jenereta nayo ikhale panja, kutali ndi zenera. Mukapeza munthu wafooka m'chipinda momwe muli mbaula, tsegulani zitseko, mutulutsireni panja ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Sinthani chophikira pamene mungathe. Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi la kuno konkuno, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa ndipo imateteza ana kuti asagwere pamoto. Boma linadziikira cholinga choti mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020. Koma tinene zoona: mbaula ya nkhuni, ngakhale yabwino, imafukabe. Njira zimene zimayeretsadi mpweya wa m'khitchini ndi gasi ndi magetsi. Kumene banja lingakwanitse, ngakhale kuphikira tiyi ndi phala la m'mawa pa gasi kumachotsa ola lathunthu la utsi. Nyale ya sola nayo ilowe m'malo mwa koloboyi.

Zimene tingachite pamodzi

Zinyalala zambiri za pakhomo ndi zowola: makoko, masamba, zotsala za chakudya. Zimenezi ndi manyowa. Kumbani dzenje, muzithiramo n'kumakwirira ndi dothi pang'ono, ndipo pakatha miyezi ingapo mudzapeza chakudya cha dimba. Zikapatulidwa zowola, zotsala zimakhala zochepa. Kuchepetsa pulasitiki kumayambira kumsika: tengani dengu kapena chikwama chansalu. Malamulo a m'chaka cha 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikulomita 60, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsochi mu 2019. Lamulo limayenda msanga ogula akasiya kupempha jumbo.

Kumunda, mapesi asatenthedwe. Akayalidwa pansi monga amachitira pa ulimi wa mleranthaka, amasunga chinyezi ndi kubwezera chonde. Mafumu ndi makomiti a m'midzi ali ndi mphamvu yoletsa moto wolusa ndi kulambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango.

Pa zomanga, kuyambira 2018 malamulo a dziko lino amaletsa njerwa zootcha pa ntchito zikuluzikulu za boma, mabungwe ndi makampani. Njerwa za simenti ndi za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono sizifuna uvuni. Komiti yomanga tchalitchi kapena sukulu ikhoza kusankha njira imeneyi.

Malo ophikira anthu ambiri ndi oyenera kuwayang'anitsitsa: khitchini ya sukulu yogonera komweko, ya chipatala, ya pa msonkhano wamisasa, ya pa ukwati ndi pa maliro. Amayi amene amaphika kumeneko amakhala mu utsi wa zikuni tsiku lathunthu. Chitofu chomangidwa ndi njerwa, chokhala ndi chumuni chotulutsira utsi pamwamba pa denga, chimateteza ophika ndi kupulumutsa nkhuni. Ophunzira mukhoza kuyamba ndi kufunsa ophika a pasukulu panu mmene maso ndi chifuwa zimawachitira.

Eni magalimoto ndi njinga zamoto azikonzetsa injini nthawi yake ndi kuzimitsa akaima nthawi yaitali. Mafuta nawo amapulumuka. Pabwalo la sukulu ndi la tchalitchi dzalani kapinga ndi mitengo kuti fumbi lichepe, ndipo wazani madzi musanasese m'kalasi.

Pali zina zimene munthu payekha sangathe: kufikitsa magetsi odalirika, kutsitsa mtengo wa gasi, kutola zinyalala m'mizinda ndi kuyeza mpweya. Izi ndi ntchito za boma, makhonsolo ndi bungwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo loona za chilengedwe la 2017. Nzika zili ndi ufulu wofunsa makhansala ndi aphungu awo za zimenezi.

Kodi zingasinthedi? Mbiri ya petulo ikuyankha. Kwa zaka zambiri petulo ankathiramo mtovu, ndipo utsi wa galimoto iliyonse unkamwaza poizoni wowononga ubongo wa ana. Mayiko anagwirizana pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2002 kuti zimenezi zithe. Pofika January 2006 mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anali atasiya, ndipo mu 2021 dziko lomaliza, Algeria, linatseka mpopi wake. Chinthu chimene anthu ankachiona ngati chosapeweka chinatha m'zaka zosakwana 20 chigwirizanirane. Utsi wa m'khitchini ndi wovuta kuposa pamenepo chifukwa uli m'nyumba mamiliyoni, koma nawonso udzayamba kutha tsiku limene tidzasiye kuuona ngati gawo la moyo.

Ntchito yoti muchite

Tengani tinsalu tiwiri toyera tofanana. Kamodzi kapachikeni m'khitchini pa msinkhu wa nkhope ya wophika, kutali ndi malawi. Kenako kapachikeni m'chipinda chogona. Pakatha sabata tiyerekezeni. Kumbukirani kuti chimene mukuona pa nsalupo ndi mwaye waukulu wokha, PM2.5 ndi carbon monoxide sizioneka.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani makala osafuka akhoza kukhala oopsa kuposa nkhuni zofuka m'chipinda chotseka?
2. Pa magwero asanu a utsi amene tatchula, ndi ati amene alipo kwanu? Ndani amawapuma kwambiri?
3. Kafukufuku wa ku Chikwawa ndi ku Chilumba sanapeze zimene ambiri ankayembekeza. Kodi zikutanthauza kuti mbaula zamakono n'zopanda ntchito? Fotokozani.
4. Banja lina silingakwanitse gasi kapena magetsi. Tchulani zinthu zinayi zosafuna ndalama zimene lingayambe sabata ino.
5. Kodi gulu lanu lingakambirane bwanji ndi aneba amene amatentha zinyalala madzulo aliwonse, popanda kuyambana nawo?